Mabuloko othetheka pa kafakitale kena ku Mangochi: zomwe gulu la ogwira ntchito linapeza ndi kukonza

Kafakitale komwe lipotili likunena kali m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, ndipo kamaumba mabuloko a simenti a mainchesi 6, aja okhala ndi mabowo awiri. Pali makina amodzi osakanizira, makina amodzi ogwedeza oyendera magetsi, matabwa oumbirapo, thanki ya madzi ndi anthu 9: kapitawo, wa pa makina osakanizira, wa pa chikombole, atatu otuta mchenga ndi dasiti (fumbi la miyala), awiri onyamula mabuloko kupita nawo pabwalo, ndi mayi mmodzi wothirira. Ntchito ikachuluka amawonjezera aganyu. Chikhazikitsireni malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ofuna mabuloko achuluka m'bomali: masukulu, mipanda, malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Simenti siivuta kupeza, ina imapangidwa konkuno ku Njereza.

Madandaulo a ogula anali atatu. Mabuloko ena amathyoka m'makona potsitsa mu lole, ena amayoyoka ukawakanda ndi msomali, ndipo ena amasiyana kutalika kotero kuti mmisiri amawononga matope ambiri polinganiza mzere. Chofunika kuchiona msanga n'chakuti si mabuloko onse. Mu lole imodzi mumapezeka olimba ngati mwala ndi ena ongoti khekhekhe. Simenti ikanakhala yoipa, kapena makina akanakhala operewera mphamvu, onse akanafooka mofanana. Kusiyanaku kumaloza ku kagwiridwe ka ntchito, kuti china chake chimachitika mosiyana pakati pa mtanda wina ndi unzake (mtanda ndi matope osakanizidwa ulendo umodzi).

Mwini wake anayamba ndi zomwe ambiri amayamba nazo: kudula malipiro pa buloko iliyonse yosweka. Zosweka zooneka pabwalo zinachepadi, koma madandaulo a ogula sanachepe. Mabuloko ang'alu anayamba kubisidwa pakati pa mulu, ndipo osweka akadali aawisi amabwezeredwa m'makina osakanizira, n'kukafooketsa mtanda wotsatira. Chindapusa chinaphunzitsa anthu kubisa, ndipo cholakwa chobisika sichikonzeka.

Kukhazikitsa gulu ndi kuwerenga zolakwika

Njira yomwe inatsatidwa ndi ija inayamba ku Japan mu 1962 motsogozedwa ndi Kaoru Ishikawa: anthu ogwira ntchito pamalo amodzi amakumana kawirikawiri, n'kumafufuza okha zolakwika za pa ntchito yawo. Pano gulu linali la anthu onse 9, kukumana Loweruka lililonse kwa mphindi 20 pansi pa shedi, mkati mwa nthawi ya ntchito osati ataweruka. Panali mfundo zitatu zomwe anagwirizana asanayambe. Chindapusa chinaimitsidwa. Pa bolodi sipalembedwa dzina la munthu, pamalembedwa nambala ya mtanda ndi nthawi. Ndipo a kapitawo amayankhula pomalizira, chifukwa akayamba iwo, mnyamata wa wilibala amangovomera kuti ndi momwemo akuluakulu, basi nkhani yatha. Aliyense amaloledwa kufotokoza m'Chichewa kapena m'Chiyawo. Izi si zazing'ono, pakuti munthu amafotokoza bwino za ntchito ya manja ake m'chiyankhulo chomwe amaganizira.

Milungu iwiri yoyamba sanasinthe kanthu, anangowerenga. Pa bolodi lakuda anajambula zithunzi za mitundu ya zolakwika, buloko yothyoka kona, yoyoyoka, yang'alu, yophwathalala m'mbali, yaifupi kapena yaitali, popeza si onse amawerenga msanga. Wopeza cholakwika amakhwatcha kamzere ka choko pansi pa chithunzi chake. Mizereyo itachuluka inayamba kuyankhula. Zoyoyoka zimaunjikana pa mitanda ya masana, pa Lachisanu, ndi pa masiku omwe magetsi anathima ntchito ili mkati. Mabuloko oumbidwa Loweruka amatuluka otuwa, afumbi pamwamba. Zophwathalala zimabwera m'mawa mvula ikagwa usiku.

Kenako anajambula chithunzi chija cha Ishikawa chofufuzira magwero a vuto, chomwe kuno sichifuna kufotokoza kwambiri: chili ngati chambo yomwe yadyedwa n'kutsala minga. Kumutu analembako vuto, ndipo munga waukulu uliwonse unaimira mbali imodzi: zipangizo, makina, kachitidwe, anthu, ndi nyengo. Munga wa anthu ndiwo unatsala wopanda zambiri. Pafupifupi chilichonse chomwe poyamba chimatchedwa kusasamala, atachifufuza chimasamukira ku munga wa kachitidwe.

Muyezo wa wilibala

Apa ndiye panali gwero lalikulu. Fakitaleyi inasankha muyezo wa gawo 1 la simenti pa magawo 7 a mchenga ndi dasiti, fumbi lija la miyala lochokera ku kwale. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limakwana malita pafupifupi 35, choncho pa thumba limodzi pamafunika malita 245. Wilibala ya amisiri yodzaza mosalaza imatenga malita pafupifupi 65. Lamulo lapakamwa linali lakuti mawilibala anayi pa thumba, ndipo anayi osalaza ndi malita 260, osatalikira kwenikweni ndi muyezo.

Koma palibe amene amasalaza. Wotuta akaunjika mulu pamwamba, wilibala yomweyo imanyamula malita 80 kapena kuposa. Anayi otere ndi malita 320, kutanthauza gawo 1 pa 9. Ndiye panali kuwerenga kwa m'mutu. Anthu atatu akusinthana kuthira, makina akulira, wina waitanidwa kukathandiza kutsitsa simenti, pobwera sakumbuka ngati athira atatu kapena anayi. Pokayika, amathira ina. Asanu ounjika ndi malita 400, gawo 1 pa 11. Buloko yotere imaoneka bwino ikamachoka m'chikombole, koma simenti yake siikwana kukuta mchenga wonse, ndipo ndi ija imayoyoka ndi msomali. Kuwonjezera apo, mawilibala atatu a pamalopo sanali ofanana kukula, imodzi inali yowotcherera ndi malata m'mbali. Masana dzuwa la Mangochi likafika pamutu, kuiwala kumachuluka, n'chifukwa chake mizere ya choko imaunjikana pa mitanda ya masana.

Kuuza anthu kuti azisamala sikukanathandiza, pakuti iwo amaona kuti akusamala kale. Gululi linapangitsa mabokosi awiri a matabwa, mkati mwake masentimita 40 m'litali, 35 m'lifupi ndi 25 kuya, omwe ndi malita 35, ofanana ndi thumba limodzi la simenti. Bokosi lili ndi zogwirira mbali ziwiri, ndipo likadzaza amasalaza ndi kathabwa komangiriridwa ku bokosilo ndi chingwe kuti kasasowe. Mtanda umodzi ndi mabokosi 4 a mchenga wa mumtsinje, mabokosi 3 a dasiti, thumba 1 la simenti.

Kuwerenga kunatsala. Shigeo Shingo, katswiri wa ku Japan yemwe anatchukitsa njira yotchinga zolakwa yotchedwa poka-yoke, anakumana ndi vuto lofanana pa fakitale ina yopanga maswichi, pomwe ogwira ntchito amaiwala kuika sipiling'i imodzi mwa ziwiri. Yankho lake linali lakuti munthu ayambe waika masipiling'i awiriwo m'kambale. Ikatsala imodzi m'kambalemo, cholakwa chaonekera pomwepo. Gululi linayesa zofanana ndi zitsekerero 7 za mabotolo zosamutsa kuchoka m'chitini china kupita m'chinzake. Sizinayende: zimagwera mumchenga, ndipo wovala magolovesi amavutika kuzitola. Mlungu wotsatira wa pa makina anabweretsa maganizo abwino koposa. Anawotcherera waya wokhuthala pa felemu ya makina osakanizira, n'kulowetsamo mawashala akuluakulu 7, anayi opaka penti yofiira ndi atatu yabuluu. Wothira bokosi amakankhira washala mmodzi mbali ina asanachoke. Thumba la simenti silitsekulidwa mpaka onse 7 atawoloka. Munthu akhoza kuitanidwa pakati pa ntchito, koma waya sukuiwala.

Palinso chotchinga chachiwiri. Pa muyezo umenewu thumba limodzi limatulutsa mabuloko pakati pa 30 ndi 35. Onyamula amawerenga mabuloko a mtanda uliwonse, ndipo akafika 38 kapena 40 amadziwitsa a kapitawo nthawi yomweyo, mtandawo n'kuikidwa padera.

Pa mfundo imeneyi panatulukanso china chomwe sichinali kuiwala. Malipiro anali a pa buloko, ndiye aliyense amadziwa kuti thumba likatambasulidwa mabuloko amachuluka, ndalama n'kuchuluka. Kuunjika wilibala sikunali ngozi nthawi zonse. Cholakwa cha kuiwala chimathetsedwa ndi chida, koma cha dala chotere chimathetsedwa ndi kusintha chomwe chikuchikoka. Mwini wake anavomera, monyinyirika, kuti malipiro aziwerengedwa pa mabuloko opezeka ali abwino pa tsiku la 7, ndipo opitirira 35 pa thumba asamawerengedwe.

Madzi

Madzi amathiridwa ndi paipi, moyeza ndi maso. Matope a mabuloko sakhala ngati a pulasitala. Amafunika kukhala onyowa pang'ono chabe: ukafumbata m'dzanja apange mpira wosamwazika, koma madzi asadonthe pakati pa zala. Akachepa madzi, makona amathetheka pochotsa chikombole ndipo simenti siigwira bwino. Akachuluka, buloko imaphwathalala m'mbali, imafupika, ndipo madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo tofooketsa. Mvula ikagwa usiku mchenga umabwera ndi madzi ake, komanso mchenga wachinyezi umafufuma, moti bokosi lodzaza limakhala ndi mchenga wochepa kusiyana ndi wouma. Wa paipi amathira monga mwa masiku onse, matope n'kukhala phala.

Paipi inachotsedwa pa makina, inafupikitsidwa kuti izingofika pa mgolo. Anatenga ndowa ya malita 20 n'kuiboola m'mbali pa mulingo wa malita 15, kuti ngakhale wina afune kudzaza, madzi azitayikira pabowolo. Zouma zimayamba zasakanizidwa kwa mphindi 2 mpaka mtundu ufanane, kenako ndowa yoboolayo, kenako jagi ya malita 2 kamodzikamodzi, kufumbata pakati pa jagi iliyonse. Mchenga ukakhala wouma, majagi amafika atatu kapena anayi. Ukakhala wonyowa, nthawi zina imodzi yokha. Mulu wa mchenga umafundidwa ndi pepala lapulasitiki madzulo m'nyengo ya mvula.

Lachisanu ndi masiku othima magetsi anali ndi chifukwa chimodzi. Simenti ikakhudzana ndi madzi imayamba kugwira, ndipo m'kutentha kwa kuno imafulumira. Magetsi akathima mtanda uli m'makina, kapena nthawi ya Jumu'a ikakwana anthu ambiri n'kupita ku mzikiti, matope amatsala ola kapena kuposa. Pobwerera amawapeza atayamba kuuma, ndiye amathira madzi n'kuwatakasanso kuti afewe. Amafewadi, koma mphamvu yake yapita, pakuti zomwe zinayamba kulumikizana zathyoledwa. Palibe anauzidwapo kuti izi n'zolakwika. Ambiri amaona ngati akupulumutsa simenti ya bwana. Tsopano pa shedi pali wotchi yapakhoma, ndipo nthawi yothira madzi imalembedwa pa bolodi. Matope opitirira mphindi 30 salowa m'chikombole cha mabuloko ogulitsa. Magetsi akathima amaumbidwa msanga ndi chikombole chamanja, apo ayi amakathiridwa pansi pa bwalo pomwe pakufunika kusalaza. Lachisanu mtanda womaliza wa m'mawa umayamba isanakwane 11 koloko. M'mwezi wa Ramadani ntchito imayamba m'bandakucha kuti mitanda yambiri ithe dzuwa lisanakwere.

Kuthirira ndi kasanjidwe ka bwalo

Buloko silimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa simenti ikupitiriza kumwa madzi. Ikauma msanga kulimbako kumaima. Imafunika kusasunthidwa kwa maola 24, kukhala yonyowa masiku 7 osadukiza, ndipo mphamvu yomwe simenti imayezedwera imafika pa masiku 28. Mayi wothirira amagwira Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu palibe amathirira, ndiye mabuloko a Loweruka amakhala tsiku lawo loyamba, lomwe ndi lofunika koposa, ali pa dzuwa. M'miyezi ya mwera mphepo imaumitsa pamwamba ngakhale kunja kukuoneka kozizira, ndipo mu Okutobala ndi Novembala madzi othira m'mawa safika masana. Yankho linachokera kwa mayi yemweyo: mabuloko atsopano azifundidwa ndi pepala lapulasitiki lakuda atangothiriridwa, m'mbali n'kupsinja ndi zidutswa, ndipo mlonda wa Lamulungu azithirira m'mawa ndi madzulo pomuwonjezera kangachepe. Tsiku loyamba amathirira ndi kheni, osati paipi, kuti madzi asakokolole pamwamba.

Za makona othyoka potsitsa zinafuna kufunsa chifukwa chiyani kangapo motsatizana, monga ankachitira Taiichi Ohno ku Toyota. Makona amathyoka chifukwa mabuloko ena amakwezedwa ali ndi masiku atatu kapena anayi okha. Amakwezedwa chifukwa okweza amatenga mzere woyandikira lole. Mzere woyandikirawo umakhala watsopano chifukwa makina ali pafupi ndi geti, ndipo onyamula amatula mabuloko aawisi pamalo apafupi kuti asayende mtunda ndi katundu wosalimba. Akalekale amatsala kumapeto kwa bwalo komwe lole siifika. Aliyense amachita chanzeru pa mbali yake, koma zotsatira zake n'zakuti mabuloko okhwima amakhala, aawisi n'kumapita.

Makina sakanasunthika, choncho anatsekula njira ya lole kuzungulira kumbuyo kwa bwalo, n'kugawa bwalolo m'mizere, tsiku lililonse mzere wake. Kutsogolo kwa mzere kumakhomedwa chikhomo chokhala ndi madeti awiri, loumbira ndi lotulutsira, ndipo mzere womwe sunakwane umazunguliridwa ndi chingwe chofiira chomwe amamasula ndi a kapitawo okha. Fakitaleyi inaika masiku 14 ngati malire ochepetsetsa otulutsira, ndi 28 kwa mabuloko a makoma onyamula katundu. Waganyu wobwera lero safunika kuphunzitsidwa zambiri: chingwe chofiira sadumpha.

Kusiyana kutalika kunali kosavuta. Bawuti yoimitsa mutu wopsinjira matope m'chikombole imamasuka ndi kugwedeza kwa makina, ndipo matabwa ena oumbirapo anali opindika. Anawonjezera nati yachiwiri yotsekera, anachotsa matabwa opindika, n'kupanga kachitsulo koyezera ka mamilimita 190 komwe amayezera buloko yoyamba ya mtanda uliwonse. Simenti nayo inachotsedwa pansi n'kusanjidwa pa matabwa, kutali ndi khoma, matumba osapitirira 10 mulu umodzi, a simenti ya mphamvu 32.5 kwaokha ndi a 42.5 kwaokha, akale kutsogolo. Thumba lokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala silipita ku makina.

Zomwe zasintha ndi zomwe zikuvutabe

Bolodi likadalipo. Mizere ya zoyoyoka ndi zophwathalala inatsika kwambiri, ndipo chofunika kuposa kutsikako n'chakuti ikawoneka tsopano imalondolozeka: nambala ya mtanda imanena tsiku, nthawi, ndi zomwe zinachitika. Pa tsiku la 14 amatenga buloko imodzi pa mzere uliwonse n'kuigwetsa chafulati pa nthaka yolimba kuchokera pachifuwa. Kuyesa kotere kumangothandiza kugwira mzere woipitsitsa, sikunena mphamvu yeniyeni ya buloko. Imeneyo imadziwika pokhapokha zitsanzo zikapsinjidwa ndi makina a mu labotale, ndipo wogulitsa kwa makontalakita a zomanga za boma ayenera kutumiza zitsanzo zake, ngakhale ulendo wa ku Blantyre uli ndi mtengo wake.

Si zonse zinagwira. Pepala la mafunso 12 lomwe a kapitawo amayenera kuchonga m'mawa uliwonse linatha mphamvu pasanathe mwezi. Limachongedwa lonse nthawi imodzi madzulo, ndipo gulu linagwirizana zolisiya. Zomwe zakhalitsa ndi zija zili m'manja kapena panjira ya munthu: bokosi, waya, ndowa yoboola, chingwe. Kuyesa dothi mumchenga nakonso kumadumphidwa. Njira yake n'njosavuta: mchenga masentimita 10 m'botolo loonekera, madzi okhala ndi kamchere pang'ono, kukhutchumula, kudikira maola atatu, n'kuyeza dothi lomwe lakhala pamwamba pa mchenga, gululi linaika malire a mamilimita 6. Koma lole ya mchenga ikafika mulu wakale utatha, palibe amadikira maola atatu. Izi sizitheka mpaka patakhala malo a milu iwiri, wina wogwiritsa ntchito, wina wodikira.

Mabokosi achedwetsa ntchito pang'ono, chifukwa kunyamula bokosi kumafuna anthu awiri pomwe wilibala imakankhidwa ndi mmodzi. Simenti ikuthanso msanga kuposa kale, popeza thumba silikutambasulidwanso, ndipo mtengo wa buloko imodzi wakwera pomwe oumba ena a m'mbali mwa msewu womwewo akugulitsa motsika. Ogula obwerezabwereza, makamaka amisiri omwe amaona kusiyana kwake pakhoma, akubwerabe. Ogula kamodzi amafunsa mtengo n'kupitirira.

Vuto lomwe gulu silingathe kulithetsa palokha ndi la chingwe chofiira. Wogula akafika ndi lole ndi ndalama m'manja, mabuloko okwana masiku atatha, amene amalamula kuti chingwe chimasulidwe ndi mwini wake. Zachitika kangapo, ndipo ulendo uliwonse ogwira ntchito amaona. Pa msonkhano wa Loweruka anagwirizana kuti mzere wotuluka masiku asanakwane uzilembedwa pa bolodi monga cholakwika china chilichonse, ndi deti lake, ndipo wogulayo aziuzidwa masiku a mabulokowo kuti akawafunde ndi kuwathirira kwawo asanamangire. Pofuna kuti izi zichepe, fakitale ikufunika kukhala ndi mabuloko okhwima a milungu iwiri osungira, zomwe zikutanthauza simenti ya milungu iwiri yogulidwa ndalama isanabwerere. Nkhani imeneyo ili pa tebulo la mwini wake.